Salar Jung, nduna yaikulu ya Hyderabad, ndi dziko la thonje lomwe silinabwerere

Mu Meyi 1853, Siraj-ul-Mulk, nduna yaikulu ya dziko la Hyderabad ku India, anamaliza kukambirana pangano lomwe aliyense mu mzindawo ankadziwa kuti ndi lochititsa manyazi. Panganolo linapereka kwa Angerezi chigawo cha Berar, dera la dothi lakuda kumpoto kwa dzikolo, kumene thonje limabereka kuposa kwina kulikonse mu ufumuwo, pamodzi ndi madera ena angapo. Sabata isanathe nkomwe, mkuluyo anatsamira mkono. Mpando wake unagwera mwana wa mbale wake, mnyamata wa zaka 24 dzina lake Mir Turab Ali Khan, yemwe mbiri imamudziwa ndi dzina laulemu loti Salar Jung, kutanthauza mtsogoleri wa nkhondo. Anakhala pampandowo zaka 30, pansi pa mafumu atatu, ndipo pa zaka zonsezo mtima wake sunachoke pa Berar.

Kuti timvetse munthuyu tiyenera kuyamba taona mtundu wa dziko lomwe ankayendetsa. Angerezi sankalamulira India yense ndi manja awo. Panali mayiko oposa 500 omwe anali ndi mafumu awoawo, ena aang'ono ngati midzi ingapo chabe, ena aakulu ngati mayiko a ku Ulaya. Hyderabad linali lolemera komanso la anthu ambiri kuposa onse. Malo ake ankapitirira pang'ono masikweya kilomita 200,000, kutanthauza kuti Malawi akanangotsala pang'ono kulowamo kawiri, ndipo kalembera wa mu 1881 anapeza anthu pafupifupi 10 miliyoni. Ambiri mwa iwo anali Ahindu olankhula Chitelugu, Chimarathi ndi Chikannada, pomwe mfumu ndi nduna zake zambiri anali Asilamu, ndipo makalata a boma ankalembedwa m'Chiperisiya. Mfumuyo inkatchedwa Nizam. Ufumuwo unayamba mu 1724, pamene Nizam-ul-Mulk Asaf Jah, yemwe anali bwanamkubwa wa mfumu ya Mughal ya ku Delhi, anayamba kudzilamulira yekha ku Deccan, dera lokwera la chakumwera kwa India.

Mu 1798 Nizam wa nthawiyo anavomera pangano loti asilikali a East India Company, kampani yachingerezi yomwe inkalamulira madera ena a India, azikhala m'dziko lake kuti azimuteteza, iye n'kumalipira. Kuyambira pamenepo mu mzinda wa Hyderabad munali mipando iwiri ya mphamvu. Kutsidya la kumwera kwa mtsinje wa Musi kunali nyumba ya Nizam. Kutsidya la kumpoto kunali nyumba ya kazembe wa Angerezi yemwe ankatchedwa Resident, chinyumba cha zipilala zitalizitali chomwe chilipo mpaka lero. Nduna yaikulu, yomwe ankaitcha Diwan, ndiyo inkawoloka mtsinjewo uku ndi uku. Makolo anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ntchito ya Diwan inali yomweyo: kubisala m'mapanga awiri nthawi imodzi, koma osanyowa.

Mtundu wake

Banja la Salar Jung linkanena kuti linachokera kwa Uwais al-Qarani, munthu woopa Mulungu wa ku Yemen yemwe anakhala m'nthawi ya Mneneri Muhammad. Makolo awo anafika ku India n'kuyamba kutumikira mafumu a ku Bijapur, kenako a Mughal, kenako a Nizam. Anali Asilamu a gulu la Shia, pomwe ma Nizam anali a Sunni, ndipo kusiyana kumeneku adani ake ankakutola nthawi iliyonse akafuna chomugenda nacho.

Udindo wa Diwan unalowa m'banjamo kudzera mu ukwati. Mir Alam, yemwe anatsogolera asilikali a Nizam pa nkhondo yomwe inagwetsa Tipu Sultan, mfumu ya Mysore, ku Seringapatam mu 1799, anakhala nduna yaikulu kuyambira 1804 mpaka 1808. Damu lomwe anamanga kunja kwa mzinda, la makoma okhotakhota ngati mauta olumikizana, likadatchedwa ndi dzina lake. Mkamwini wake, Munir-ul-Mulk, ndiye anamulowa m'malo, ndipo ameneyu ndi agogo ake a Salar Jung. Koma Munir-ul-Mulk anangokhala nduna ya dzina. Angerezi anakonza zoti mphamvu zenizeni zikhale ndi wachiwiri wake, Chandu Lal, yemwe anagwira chuma cha dzikolo kwa zaka zoposa 30 mpaka 1843. Munir-ul-Mulk anamwalira mu 1832 atasiya ngongole zochuluka moti Nizam anazibweza yekha n'kugwira minda ina ya banjalo ngati chikole.

Turab Ali anabadwa mu Januwale 1829. Bambo ake anamwalira iye akadali kamwana, choncho anakulira m'manja mwa Siraj-ul-Mulk, mbale wa bambo akewo, yemwe mwa chibale chathu ndi bambo ake ndithu. Anaphunzira Chiperisiya ndi Chiarabu kunyumba, Chingerezi anachitola pambuyo pake. Chomwe ndimaona kuti chinamuumba kwambiri n'chakuti asanagwire chuma cha dziko anayamba wagwira chuma cha banja lomira m'ngongole. Ankadziwa fungo la nyumba yaulemu yomwe pakhomo pake pamaima okongoza.

Mmene dziko limamirira m'ngongole

Apa ndipo pali mtima wa nkhaniyi, ndipo tiyenera kupaona mofatsa.

Boma la Hyderabad silinkatolera lokha msonkho. Linkagulitsa ufulu wotolera. Munthu wandalama ankapita kwa nduna, kupereka mphatso yolowera pakhomo yomwe ankaitcha nazrana, kulipiriratu gawo la ndalama, ndiye n'kupatsidwa dera kuti akadzibwezere yekha. Vuto linali lakuti mawa lake munthu wina akanatha kupereka zoposa pamenepo n'kulandidwa deralo. Ndiye wotolerayo akafika pamudzi sankaganiza za chaka chamawa. Taganizirani mlimi wa mapira ataunjika zokolola zake padwale, akubwera anthu a zida, akuyeza mulu ndi maso, akutchula mtengo womwe sunalembedwe paliponse. Akadandaula amutengera ng'ombe yolimira. Chaka chotsatira mlimiyo wathawira kutsidya la malire, munda wagonera, ndipo msonkho wa dera lonse watsika. Boma likaona kuti ndalama zachepa, likukakongola.

Okongoza anali amitundu iwiri. Panali eni mabanki a mu mzinda, omwe ankatchedwa ma sahukar, ndipo panali akuluakulu a asilikali aganyu, makamaka Aluya ochokera ku Hadhramaut, kumwera kwa Arabia, ndi Arohilla ochokera kumpoto. Asilikaliwa boma likalephera kuwalipira, linkawapatsa madera ngati chikole. Motero munthu mmodzi ankakhala msilikali wa boma, wokongoza boma, komanso wotolera msonkho wa boma. Woweruza wake akanachokera kuti?

Pamwamba pa zonsezi panali gulu la nkhondo lotchedwa Hyderabad Contingent. Pa dzina linali la Nizam, koma olilamula anali maofesala achingerezi, ndipo Nizam analibe mawu pa kukula kwake kapena malipiro ake. Linkadya marupiya pafupifupi 4 miliyoni pachaka. Maofesala eniakewo anali ndi nthabwala yawo yoti Nizam wosaukayo ndiye amalipira zonse. Boma likachedwa kulipira, Resident ankatapa m'thumba la kampani kulipira asilikaliwo, n'kulemba ndalamazo ngati ngongole ya Nizam, yokhala ndi chiwongoladzanja. Ngongole imeneyi ndiyo yomwe Lord Dalhousie, bwanamkubwa wamkulu wa India, anaimirirapo mu 1853 poitanitsa Berar. A ku Hyderabad ankati nawonso ali ndi zawo zomwe kampani sinawabwezere, monga msonkho wa mowa wa ku Secunderabad, tawuni ya asilikali achingerezi, koma mawu awo sanamveke. Nizam Nasir-ud-Daula anakana kupereka dzikolo kwamuyaya. Anangovomera kuti Angerezi aliyendetse, atengepo zolipirira asilikali, zotsala azibweza. Mawu akuti kusungitsa, osati kupereka, ndiwo anakhala ndodo ya Salar Jung moyo wake wonse.

Gulu la nkhondoli lili ndi kanjira kofika kwathu kuno. Mu 1891, Harry Johnston atafuna asilikali ochokera ku India kuti akhazikitse ulamuliro wa Angerezi m'dziko lino, yemwe anawabweretsa anali Captain Cecil Maguire wa gulu la okwera pamahatchi la Hyderabad Contingent, ndipo pamodzi ndi asilikali a chipembedzo cha Sikh anabwera ndi asilikali achisilamu a gulu lomwelo. Maguire anaphedwa chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a Makanjira kum'mawa kwa nyanja, n'chifukwa chake pali malo otchedwa Fort Maguire.

Kukonza nyumba

Anthu ambiri kunyumba ya mfumu ankayesa kuti mnyamatayo adzakhala wosavuta kumukoka ndi chingwe. Iye anayamba ndi zinthu zosaoneka zaulemerero. Anakhala pansi ndi akuluakulu a Aluya aja, kuwerengetsa ngongole imodziimodzi, kuwabweza pang'onopang'ono, ndi kuombola madera omwe anali pachikole. Sanawathamangitse ndi mfuti chifukwa analibe mphamvu zotero. Anachita kuwanyengerera, ndipo ena a iwo anasanduka omuteteza. Dera likaomboledwa sankaligulitsanso. Ankatumizako munthu wolandira malipiro a pamwezi, yemwe ndalama iliyonse ankayenera kuilemba m'buku ndi kuitumiza kumosungira chuma cha boma, komwe anakhazikitsa mu 1855. Lero zimenezi zikumveka zamasiku onse. Nthawi imeneyo kunali kulanda chakudya pakamwa pa anthu okhala ndi malupanga.

Kenako anakonza ndalama. M'dzikomo munali malo ambiri osulira makobidi, aliyense ndi muyeso wake, moti wamalonda ankaluza pongosintha ndalama za dera lina ndi lina. Iye anabweretsa rupiya imodzi ya boma yotchedwa Hali Sicca. Mu 1865 anagawa dziko m'maboma, ntchito yomwe imatchedwa zilabandi, boma lililonse ndi mkulu wake wotchedwa taluqdar, ofanana ndi DC wa kwathu kuno, ndipo mabomawo anawasonkhanitsa m'zigawo zisanu. Anakhazikitsa apolisi olipidwa ndi boma, makhoti a m'maboma ndi khoti la apilo mu mzinda, n'kuletsa chilango chodula anthu ziwalo. Mu 1868 anasankha nduna zinayi zachinyamata zochokera m'mabanja aulemu kuti ziziyang'anira nthambi monga za chilungamo, msonkho ndi apolisi. Mu 1875 anayambitsa nthambi yoyeza minda, kuti mlimi azidziwiratu msonkho wake malinga ndi kukula ndi chonde cha munda wake. Masitampa oyamba a dzikolo anatuluka mu 1869, ndipo njanji yochokera ku Wadi kufika ku Secunderabad inatsegulidwa mu 1874, kulumikiza Hyderabad ndi Bombay komanso Madras. Sukulu ya Dar-ul-Ulum anaiyambitsa atangolowa kumene pampando.

Chodabwitsa n'chakuti mwini wakeyo sanali munthu wokonda zachilendo. Ankavala, kulankhula ndi kupereka ulemu monga mwa mwambo wakale wa a Mughal. Anakana kuchotsa Chiperisiya m'maofesi. Sankafuna kuti ana a mabanja aulemu atengere makhalidwe a azungu. Maganizo ake anali akuti Angerezi amalanda dziko ponamizira kuti likuyendetsedwa moipa, monga anachitira ndi ufumu wa Awadh mu 1856, choncho njira yotetezera Hyderabad ndi kuwamana chonamizira. Anabwereka mabuku a akaunti a Angerezi kuti atsekere Angerezi pakhomo.

Madzulo a pa 17 Julayi 1857

Mu Meyi 1857 asilikali achimwenye a kampani anagalukira ku Meerut n'kulanda Delhi. Mwezi womwewo Nizam Nasir-ud-Daula anamwalira, mwana wake Afzal-ud-Daula n'kulowa ufumu. Mfumu yatsopano, nduna ya zaka 28, mzinda wodzaza ndi anthu a zida omwe ankadana ndi Angerezi chifukwa cha Berar. Zikwangwani zoitanira anthu kunkhondo zinayamba kuoneka m'makoma a mizikiti. Angerezi ankadziwa kuti Hyderabad akagalukira, kumwera konse kwa India kuyaka moto.

Lachisanu pa 17 Julayi, anthu atatuluka m'mapemphero ku Mecca Masjid, mzikiti waukulu wa mu mzindawo, khamu linayamba kulowera kumtsinje. Patsogolo panali Arohilla mazana angapo motsogozedwa ndi Turrebaz Khan, pamodzi ndi mlaliki wotchedwa Maulvi Allauddin. Salar Jung anatumiza uthenga kwa Resident, Colonel Cuthbert Davidson, kuti anthu akubwera. Pofika khamulo, mizinga inali itaikidwa kale pazipata. Oukirawo analowa m'nyumba ziwiri zazikulu zoyang'anizana ndi mpanda n'kumawombera kuchokera pamenepo mpaka mdima, koma kutacha anali atabalalika. Turrebaz Khan anagwidwa, anathawa m'ndende, ndipo anaphedwa mu Januwale 1859. Maulvi Allauddin anatumizidwa kuzilumba za Andaman komwe anakafera.

Tsiku limeneli ndilo limagawa anthu pa za Salar Jung mpaka lero. Angerezi anamutamanda kuti anawapulumutsa. Amwenye ambiri a pambuyo pa ufulu amati anagulitsa abale ake, ndipo msewu wodutsa pa nyumba ya Resident ija tsopano umatchedwa ndi dzina la Turrebaz Khan. Ine sindingamunyoze Turrebaz Khan, munthu yemwe anapereka moyo wake polimbana ndi atsamunda. Koma sindikhulupiriranso kuti Salar Jung anachita zimenezi chifukwa chokonda Angerezi. Anali ataona zomwe zinagwera Awadh, ankadziwa kukula kwa gulu la nkhondo lomwe linali ku Secunderabad, mtunda wa maola ochepa chabe, ndipo anawerengera kuti kugalukira kukalephera ufumu wa Nizam utheratu. Anawerengeranso china: kuti kukhulupirika pa tsiku la tsoka kudzagula Berar. Poyambapo analondola. Pachiwiripo analakwitsa.

Mphoto inabwera mu 1860. Angerezi anakhululuka ngongole ya marupiya 5 miliyoni, anabweza dera la Raichur ndi la Dharaseo, n'kuwonjezerapo kadziko ka Shorapur komwe mfumu yake inagalukira. Berar anakhala nayo. Chaka chotsatira nkhondo yapachiweniweni inabuka ku America, mafakitale a nsalu a ku Lancashire anasowa thonje, mtengo wake unakwera koopsa, ndipo dothi lakuda lija linasanduka mgodi. Amene wagwira nkhuku yoikira mazira otere sabweza msanga.

Pakati pa mfumu ndi kazembe

Kwawo nako sanapeze mtendere. Mu 1859 munthu wina anamuwombera akutuluka kunyumba ya mfumu limodzi ndi Davidson, koma chipolopolo chinamuphonya. Mu 1868 anamuyesanso. Nizam Afzal-ud-Daula sankamukhulupirira, ankamuona ngati mwana wa azungu, ndipo anayesa kumuchotsa mu 1861 ndi mu 1867. Maulendo onse awiri amene anamupulumutsa anali Resident. Taonani msampha wake: munthu yemwe cholinga chake chinali kuchepetsa mphamvu za Angerezi mu Hyderabad ankakhala pampando chifukwa cha Angerezi omwewo. Komabe ulemu wake kwa mfumu sunasinthe. Munthu yemwe ankayendetsa dziko la anthu mamiliyoni sankatha kutuluka kunja kwa mzinda popanda chilolezo cha mbuye wake, ndipo akaitanidwa kunyumba yachifumu ankaima mozyolika ngati wantchito wamba.

Mu 1869 Afzal-ud-Daula anamwalira, kusiya mwana wosakwana zaka zitatu, Mahbub Ali Khan. Salar Jung anasankhidwa kugwirizira ufumu pamodzi ndi Shams-ul-Umara, mkulu wa banja la Paigah, lomwe pa ulemu linali lachiwiri kwa banja la Nizam. Awiriwa ankamvana. Kwa nthawi yoyamba manja ake anamasuka, ndipo anayamba kulemba makalata a Berar motsatizana. Mfundo yake inali yosavuta kumva: munati mukusunga dzikolo kuti muzilipirira asilikali, ife tsopano tili ndi ndalama, tikupatsani chikole cha ndalama m'malo mwa dziko, tibwezereni. Boma la Angerezi ku Calcutta linakana, kenako linayamba kukana ngakhale kulandira makalatawo.

Ulendo wa ku London

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu 1876 Salar Jung anaganiza zopita yekha ku England, kudumpha akuluakulu a ku Calcutta, kuti akalankhule ndi eni ake. Anali atapalana ubwenzi ndi anthu ena otchuka omwe anabwera ku India ndi Prince of Wales, mwana wa Mfumukazi Victoria, mu 1875, makamaka Duke of Sutherland. Anadzera ku Italy komwe anaonana ndi mfumu Victor Emmanuel II ndi Papa Pius IX. Ku Paris anaterereka pamasitepe a hotela n'kuthyoka fupa la ntchafu, moti ku London anafika ali wonyamulidwa pampando.

Anamulandira ngati mfumu. Anakaonana ndi Mfumukazi Victoria ku Windsor, yunivesite ya Oxford inamupatsa digiri yaulemu, mzinda wa London unamupatsa ulemu wake waukulu. Maphwando anali osatha. Koma chomwe anapitira sanachipeze. Lord Salisbury, nduna yoona za India, anangomulola kuti akabwerera akalembenso pempho lake kudzera kwa Resident, njira yomwe ija yomwe inali yotsekeka kale.

Atabwerera anapeza Lord Lytton, wolamulira India m'malo mwa Mfumukazi, ndi Resident Sir Richard Meade atamukwiyira. Pa msonkhano waukulu wa ku Delhi mu Januwale 1877, pomwe Victoria analengezedwa kukhala Mfumukazi ya India, nkhani inali yakuti mafumu onse achimwenye ndi anthu ake, pomwe Salar Jung ankaumirira kuti Nizam ndi bwenzi la pangano, osati wantchito. Chaka chomwecho mnzake wogwirizira naye ufumu anamwalira, ndipo Angerezi anamukakamiza kulandira m'malo mwake Rashid-ud-din Khan, wa banja lomwelo la Paigah koma mdani wake wakale. Mlembi wake wachingerezi, Oliphant, yemwe ankamuthandiza kulemba makalata a Berar, anathamangitsidwa m'dzikomo. Pomaliza anauzidwa kuti nkhaniyo isatchulidwenso mpaka mfumu itakula. Zonsezi zinkachitika chilala choopsa cha 1876 mpaka 1878 chili mkati, boma lake likutsegula ntchito zachitukuko kuti anjala apezepo chakudya.

Mdani uja anamwalira mu 1881, Salar Jung n'kutsala yekha pa udindo, ndipo ubale ndi wolamulira watsopano, Lord Ripon, unali wabwinoko. Mfumu inali itatsala pang'ono kukula. Pa 8 Febuluwale 1883 anadwala mwadzidzidzi n'kumwalira ali ndi zaka 54. Madokotala anati ndi kolera. Mu mzinda munayenda mphekesera zoti anamuthirira mankhwala, koma palibe anabweretsa umboni. Anaikidwa kumanda a Daira Mir Momin. Mahbub Ali Khan anapatsidwa mphamvu zonse za ufumu mu Febuluwale 1884, chaka chimodzi chokha pambuyo pake.

Zomwe anasiya

Maofesi atsopano ankafuna anthu odziwa malamulo ndi akaunti za mtundu watsopano, ndipo mu Hyderabad anali ochepa. Salar Jung anawaitana kuchokera kumpoto kwa India ndi kwina: Syed Hussain Bilgrami yemwe anakhala mlembi wake, Mahdi Ali Khan yemwe pambuyo pake anatchedwa Mohsin-ul-Mulk, Chiragh Ali, ndi ena ambiri. M'nyengo yomweyo kunabweranso Aghorenath Chattopadhyay wa ku Bengal, mphunzitsi wa sayansi, bambo ake a Sarojini Naidu, mlakatuli yemwe anadzakhala mmodzi mwa atsogoleri omenyera ufulu wa India. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa. Salar Jung ankafuna kuti alendowa agwire ntchito m'maofesi koma asayandikire nyumba ya mfumu kapena kupatsidwa minda. Atangomwalira mpanda umenewo unagwa. Alendo anaitana abale awo, ndipo panabuka mkangano wa ma mulki, eni nthaka, ndi obwera. Mkanganowo unapitirira ufumu utatha, unalowa m'ndale za Andhra Pradesh, boma lomwe mzinda wa Hyderabad unadzakhala likulu lake, ndipo mawu ake ankamvekabe m'madandaulo omwe anabala boma la Telangana mu 2014.

Pali chinthu china chomwe omutamanda amakonda kudumpha. Kukonza kwake kunakhudza minda ya boma yokha. Gawo lalikulu la dzikolo linali ma jagir, madera operekedwa kwa mabanja aulemu, komanso minda ya Nizam mwini wake, ndipo kumeneko mwini dera ndiye anali msonkho, khoti ndi polisi. Banja la Salar Jung linali limodzi mwa eni ma jagir aakulu kwambiri, ndipo iye sanaganizepo zogwetsa dongosolo lomwe linamubala. Ngakhale m'minda ya boma, ena mwa otolera msonkho akale anasanduka eni minda ikuluikulu. M'midzi ya Telangana, dera la olankhula Chitelugu, anthu osauka anapitiriza kugwira vetti, ntchito yokakamiza yopanda malipiro kwa mwini dera. Amene anamva agogo ake akusimba za thangata m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje sangavutike kuimvetsa. Mkwiyo wa vetti ndiwo unaphulika pa kuukira kwa alimi a Telangana mu 1946, ndipo ma jagir anathetsedwa mu 1949. Pa mlandu uwu sindingamuikire kumbuyo. Anaona bwino lomwe kuti mlimi wofinyidwa amagwetsa chuma cha boma, koma chifundo chakecho chinathera pamalire a minda ya anthu a mtundu wake.

Mwana wake, Mir Laiq Ali Khan, Salar Jung wachiwiri, anakhala Diwan mu 1884 ali ndi zaka zongopitirira 20. Chinthu chachikulu chomwe anachita ndi chomwe bambo ake anakana: anachotsa Chiperisiya n'kuika Chiurdu ngati chilankhulo cha boma, zomwe zinakomera obwera a kumpoto aja. Anayambana ndi mfumu yachinyamata, anatula pansi udindo mu 1887, n'kumwalira mu 1889, kusiya khanda la masabata ochepa.

Khandalo, Mir Yusuf Ali Khan, Salar Jung wachitatu, nalonso linadzakhala Diwan mu 1912 pansi pa Nizam womaliza, Osman Ali Khan, koma linangokhalapo mpaka 1914. Zaka 35 zotsatira munthuyu anazithera pogula zinthu: mabuku olembedwa pamanja a Chiarabu ndi Chiperisiya, malupanga a mafumu a Mughal, makapeti, mbale za ku China ndi Japan, zithunzi za ku Ulaya, mawotchi mazanamazana. Sanakwatire. Anamwalira mu Malichi 1949, patangopita miyezi yochepa asilikali a India atalowa mu Hyderabad mu Seputembala 1948 ndi kuthetsa ulamuliro wa Nizam. Katundu wake anasanduka Salar Jung Museum, yomwe Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, anatsegula mu Disembala 1951 m'nyumba ya makolo ya Diwan Deodi, ndipo mu 1968 inasamukira m'mphepete mwa Musi.

Masiku ano alendo amadzaza bwalo la mkati mwa nyumbayo ola likamakwana, kudikira wotchi yakale yachingerezi momwe kamunthu kandevu kamatuluka pakakhomo, kuimba belu n'kubwereranso mkati. Ambiri amatuluka akuganiza kuti Salar Jung anali munthu mmodzi, wokonda zosemasema. Koma m'chipinda china muli chinthu chomwe anagula agogo aja. Ndi chosema cha mwala woyera cha Giovanni Maria Benzoni, chotchedwa Veiled Rebecca: mtsikana wa m'buku la Genesis ataphimba nkhope pokakumana ndi Isake. Nsalu yophimbayo ndi mwala womwewo, koma inasemedwa mopyapyala moti mphuno, zikope ndi milomo zimaonekera kuseri kwake, ndipo mphonje zake zimagwa ngati zingagwedezeke ndi mphepo. Salar Jung anachigula ku Rome mu 1876, ali pa ulendo wokapempha Berar, asanathyoke mwendo ku Paris.

Berar yemweyo, mu 1902 Lord Curzon anakakamiza Mahbub Ali Khan, mwana uja Salar Jung anamulera pampando, kuti amubwereketse kwa Angerezi kwamuyaya pa marupiya 2.5 miliyoni pachaka. Mu 1936 pangano lina linavomereza kuti mwini dzikolo ndi Nizam, mbendera yake izikwezedwa kumeneko pa masiku apadera, ndipo mwana wake wamkulu azitchedwa Prince of Berar, koma oyendetsa anakhalabe Angerezi. Lero derali lili m'chigawo cha Vidarbha m'boma la Maharashtra, ndipo alimi a ku Amravati, Akola ndi Yavatmal akulimabe thonje pa dothi lakuda lija.